Laura Palmer ndi ndani, ndipo n'chifukwa chiyani imfa yake ikukambidwabe?

David Lynch, wopanga mafilimu wa ku America, atamwalira mu Januwale 2025 ali ndi zaka 78, nkhani zambiri zomukumbukira zinatuluka ndi chithunzi chimodzi chakale: mtsikana wachizungu atavala kachisoti konyezimira kumutu, akumwetulira ngati mwana wopanda vuto lililonse. Pansi pake pamalembedwa dzina lakuti Laura Palmer, ndipo kawirikawiri pamakhalanso funso lakuti anamupha ndani. Munthu amene sanaonerepo Twin Peaks akhoza kuganiza kuti uyu ndi mtsikana weniweni amene mlandu wake unakanika ku polisi ya ku America. Ayi. Laura Palmer ndi munthu wopeka, wa m'sewero la pa wailesi ya kanema, ndipo nkhope ili pachithunzipo ndi ya Sheryl Lee, amene anasewera mbali yake.

Koma ngakhale amene anaonera seweroli amasokonezeka. Wina amati Laura anaphedwa ndi chiwanda, wina amati ndi munthu wa m'nyumba momwemo, wina amati kumapeto sanafe n'komwe. Onsewa ali ndi pogwira, chifukwa nkhani ya Laura inafotokozedwa kangapo pakati pa 1990 ndi 2017, ndipo nthawi iliyonse imasuntha pang'ono. Ndichenjezeretu kuti pano ndiulula amene anamupha, komanso ndikamba za kugwiriridwa kwa mwana.

Twin Peaks n'chiyani?

Twin Peaks ndi sewero la pa TV limene David Lynch analemba mogwirizana ndi Mark Frost. Linayamba kuonetsedwa pa wailesi ya kanema ya ABC pa 8 Epulo 1990, ndipo gawo loyambalo analionera anthu oposa 30 miliyoni. Chigawo choyamba chinali ndi magawo 8, chachiwiri 22, ndipo zonse zinatha pa 10 Juni 1991. Dzinali ndi la tawuni yopeka ya m'chigawo cha Washington, kumpoto chakumadzulo kwa America, kufupi ndi malire a Canada. Ndi tawuni ya nkhalango, fakitale yocheka matabwa, hotela yaikulu pamwamba pa mathithi, ndi malo odyera kumene aliyense amadziwa mnzake. Zithunzi zambiri zakunja anazijambula ku Snoqualmie ndi ku North Bend, matawuni enieni a m'dera lomwelo.

M'mawa wa pa 24 Febuluwale 1989, malinga ndi kalendala ya m'seweromo, bambo wina dzina lake Pete Martell akupita kukawedza nsomba anapeza mtembo m'mbali mwa madzi, utakulungidwa m'pepala la pulasitiki. Unali wa Laura, mtsikana wa zaka 17. Tsiku lomwelo mtsikana wina, Ronette Pulaski, anapezeka akuyenda pa mlatho wa njanji atavulazidwa kwambiri, ndipo poti anali atadutsa malire a chigawo, mlanduwo unagwera m'manja mwa FBI, bungwe lofufuza milandu la boma lalikulu la America. Anatumiza Dale Cooper, amene mbali yake anasewera Kyle MacLachlan, kuti akathandizane ndi mkulu wa polisi wa m'tawunimo, Harry Truman.

Masewero apolisi a nthawi imeneyo ankatsegula mlandu ola likamayamba n'kuutseka ola likamatha. Twin Peaks inatenga mlandu umodzi n'kuukoka miyezi yambiri, ikuusakaniza ndi nkhani za chikondi, za kubera pabanja, za malonda achinyengo, nthabwala, maloto ndi mizimu. Funso lokoka anthu kwa nthawi yaitali silinali lachilendo kwenikweni: mu 1980 sewero la Dallas linasunga dziko lonse m'mwamba ndi funso la amene anawombera J.R. Kusiyana kwake n'kwakuti J.R. anali munthu wamkulu wadyera amene anachira n'kupitiriza moyo, pamene Laura anali mwana wa sukulu, ndipo anali atafa kale seweroli lisanayambe.

Mwini nkhani amene kulibe

Apa ndi pamene pagona luso la chigawo choyamba. Laura ndiye mwini nkhani, koma woonera samuona akuyenda kapena kuyankhula, kupatula m'kavidiyo kamene anajambulitsa ndi mnzake ali kokacheza kuphiri, m'mawu ake a pa matepi, m'zokumbukira zochepa ndi m'maloto. Pafupifupi gawo lililonse limatha ndi chithunzi chija, mayina a ochita seweroli akudutsa pankhope yake. Zonse zimene timadziwa za iye timazimva kwa anthu ena.

Zili ngati pa maliro a munthu amene simunamudziwe. Mukakhala kusiwa mumva za mwana womvera ndi wopemphera. Mukapita kumene azibambo akuotha moto mumva zina. Anzake a msinkhu wake ali pambali akunong'onezana zimene makolo sazidziwa. Palibe amene akunama kwenikweni, aliyense akunena mbali imene anaiona, ndipo mwini wake sangadzukenso kuti atsutse.

Laura woyamba ndi amene tawuni inkamunyadira. Anasankhidwa kukhala mfumukazi ya sukulu pa mwambo wa chaka ndi chaka umene masekondale a ku America amachita, ndipo kachisoti kaja n'ka tsiku limenelo. Ankagawira chakudya okalamba ndi odwala m'makomo mwawo. Ankaphunzitsa Chingerezi Josie Packard, mwini fakitale ya matabwa, ndiponso ankacheza ndi kusamalira Johnny Horne, mnyamata wa ulumali wa m'maganizo. Bambo ake, Leland Palmer, anali loya wolemekezeka wa Benjamin Horne, munthu wolemera kwambiri m'tawunimo.

Laura wachiwiri amatuluka pang'onopang'ono pamene Cooper akufukula. Ankagwiritsa ntchito kokeni, mankhwala osokoneza bongo. Kuwonjezera pa chibwenzi chodziwika, Bobby Briggs, anali ndi china chamseri, James Hurley. Ankapita mobisa kwa dokotala wa matenda a maganizo, Lawrence Jacoby. Anagwirapo ntchito ku One Eyed Jack's, nyumba ya juga ndi uhule ya kutsidya kwa malire, imene mwini wake anali Horne yemweyo, ndipo ankayenda ndi amuna oopsa ngati Leo Johnson ndi Jacques Renault. Ngakhale mnzake wapamtima, Donna Hayward, ankadziwa zochepa chabe.

Woonera wopupuluma amafika apa n'kunena kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ine ndimaona kuti mwambiwu ukuyenera tawuniyo kuposa mwanayo. Amuna akuluakulu angapo ankadziwa msinkhu wake ndipo anamugwiritsa ntchito. Pa maliro ake Bobby amakalipira khamu lonse kuti aliyense ankadziwa kuti Laura ali m'mavuto koma palibe anachitapo kanthu, choncho onse ali ndi mbali pa imfa yake. Amayankhula mwaukali wa mnyamata wosokonezeka, komabe nkhani yonse yotsatira imamuikira umboni.

Kumene olemba anamutenga

Frost wakhala akunena kuti ali mwana ankapita kutchuthi kwa agogo ake aakazi kufupi ndi Sand Lake m'chigawo cha New York, ndipo agogowo ankawaopseza ndi nkhani ya mzukwa wa mtsikana kuti asamayende m'nkhalango usiku. Mtsikanayo analikodi. Dzina lake linali Hazel Drew, wa zaka 20, wantchito wa m'nyumba za anthu olemera ku Troy, ndipo mtembo wake unapezeka padziwe lotchedwa Teal's Pond mu Julayi 1908. Ofufuza atayamba ntchito anapeza makalata ndi maulendo amene abale ake sankawadziwa, mayina a amuna ambiri anatchulidwa, koma palibe anamangidwa n'kuweruzidwa.

Lynch ndi Frost asanayambe Twin Peaks anayesanso kulemba filimu ya masiku otsiriza a katswiri wa m'mafilimu Marilyn Monroe, imene sinajambulidwe. Ambiri amaona mthunzi wa Monroe mwa Laura: mkazi wokondedwa ndi onse amene akumira anthu akuonerera. Palinso filimu ya mu 1944 ya Otto Preminger yotchedwa Laura, mmene wapolisi amakopeka ndi chithunzi cha mkazi amene akufufuza imfa yake.

Sheryl Lee anali wosewera zisudzo ku Seattle, wosadziwika, ndipo anamulemba ntchito kuti adzagone ngati mtembo ndi kujambulitsa kavidiyo kaja basi. Lynch ataona mmene kamera inamukondera, anamupangira mbali ina: Maddy Ferguson, msuweni wa Laura, wofanana naye nkhope koma wa tsitsi lakuda ndi magalasi, amene amabwera kudzakhala nawo pa maliro.

Anamupha ndani, ndipo n'chifukwa chiyani yankho linabweretsa mkangano?

Anamupha ndi bambo ake, Leland. Anamuphera m'bogi yakale ya sitima imene inasiyidwa m'nkhalango, atamugwirira kwa zaka zambiri kuyambira ali ndi zaka 12. Chaka chimodzi m'mbuyomo anali ataphanso mtsikana wina, Teresa Banks, ndipo n'chifukwa chake pansi pa chikhadabo cha aliyense wa atsikanawa panapezeka kapepala ka chilembo chimodzi. Owonera anadziwa izi pa 10 Novembala 1990, m'gawo limene Lynch anatsogolera yekha, pamene Leland amapha Maddy pabalaza pa nyumba yake. Pofuna kusunga chinsinsi, chochitikacho anachijambulanso ndi Richard Beymer, wosewera mbali ya Benjamin Horne, kuti ngakhale ogwira ntchito asadziwe zoona zake. Ray Wise, amene anali Leland, anauzidwa kutatsala nthawi yochepa.

Lynch sankafuna kuulula. Kwa iye mlanduwo unali khomo lolowera m'miyoyo ya anthu a m'tawuniyo, ndipo pambuyo pake ananena kangapo kuti kuulula kunali kupha tsekwe woikira mazira agolide. Akuluakulu a ABC, amene pa nthawiyo nthambi yawo ya zamsangalutso inkatsogoleredwa ndi Bob Iger, ankaona chiwerengero cha owonera chikutsika ndipo ankakhulupirira kuti anthu atopa ndi kudikira. Mbali zonse zili ndi mfundo. Yankho litaperekedwa seweroli linasowa chogwira, linayamba kuyendayenda m'nkhani zing'onozing'ono, owonera anachepa, ndipo linathetsedwa. Komanso ABC inali italisunthira Loweruka usiku, nthawi imene achinyamata ambiri sakhala pakhomo, ndipo kumayambiriro kwa 1991 nkhani za nkhondo ya ku Gulf zinkalidula kawirikawiri. Kumbali ina, magawo atatu a kuululako ali m'gulu la amene okonda seweroli amawatama kwambiri, ndipo popanda iwo nkhani ya nkhanza za m'nyumba ya a Palmer sikanatchulidwa poyera m'seweroli.

BOB: chiwanda, kapena dzina lina la bambo?

Ili ndiye gawo lovuta kwambiri, ndipo mikangano yambiri ya Laura imachokera pano.

M'seweroli muli munthu wa tsitsi lalitali la imvi, wovala jekete ya jinzi, amene amaoneka m'masomphenya a mayi ake a Laura, Sarah Palmer, ndi m'maloto a Cooper. Dzina lake ndi BOB. Amafotokozedwa ngati mzimu woipa wokhala mwa anthu n'kumadya mantha ndi kuvutika kwawo. Kwawo ndi malo ena otchedwa Black Lodge, amene khomo lake lili m'nkhalango, ndipo chimene owonera amakumbukira ndi chipinda cha makatani ofiira mmene anthu amayankhula modabwitsa. Mawuwo anawajambula ochita seweroli akuyankhula chobwerera m'mbuyo, kenaka tepiyo n'kuitembenuza. Leland akadziyang'ana pa galasi, nkhope ya BOB ndi imene imaoneka.

BOB sanali m'mapulani oyamba. Frank Silva anali wokonza mipando ndi katundu pa malo ojambulira. Lynch anamuona ali m'chipinda cha Laura n'kumujambula atanyonyomala kuseri kwa bedi, asakudziwa kuti chithunzicho adzachigwiritsa ntchito yanji. Kenaka pojambula Grace Zabriskie, amene anali Sarah, akukuwa ndi mantha, nkhope ya Silva inaonekera mwangozi pa galasi la kukhoma. Lynch anakana kujambulanso, ndipo chiwandacho chinabadwa motero.

Funso n'lakuti: ngati BOB anali mwa Leland, wolakwa ndani? Sewero la pa TV limapendekera kochotsera bamboyo mlandu. Atagwidwa, BOB amamuchititsa kudzimenyetsa mutu pachitseko cha selo n'kumuchokera, ndipo Leland akufa m'manja mwa Cooper amalira kuti mzimuwo unamulowa ali kamnyamata ndipo ukakhala m'kati sankadziwa zimene akuchita. Pambuyo pake apolisi aima m'nkhalango akukambirana. Truman akuvutika kukhulupirira za mzimu. Cooper akumufunsa ngati n'kosavuta kukhulupirira kuti bambo angagwirire ndi kupha mwana wake yemwe. Albert Rosenfield, katswiri wa FBI woyeza mitembo, akuti mwina BOB ndi dzina chabe la zoipa zimene anthu amachita. Kukambiranako kumatha popanda wopambana.

Pali njira zitatu zimene anthu amamvera zimenezi. Ena amatenga monga zanenedwera: BOB ndi mzimu weniweni m'dziko la seweroli, anthu angapo anamuona, ndipo Leland nayenso ndi wogwidwa. Ena amati BOB ndi nkhope imene maganizo a mwana anapanga chifukwa sakanatha kupirira kuti wolowa m'chipinda chake usiku ndi bambo ake. Madokotala a maganizo amadziwa kuti ana ochitiridwa nkhanza nthawi zina amalekanitsa chochitikacho ndi munthu amene amamudalira kuti apitirize kukhala naye nyumba imodzi. Gulu lachitatu limati zonse ziwiri n'zoona: mzimu ulipo, koma umakhala mwa munthu amene anautsegulira ndipo amapindula nawo. Amene amaganiza chonchi amatchulanso zimene Leland ananena za ubwana wake, n'kumati mwina nayenso anachitiridwa nkhanza ndi munthu wamkulu woyandikana nawo, ndipo BOB ndi nkhanza yoyenda kuchoka ku m'badwo wina kupita ku wina.

Mkanganowu si wa m'sewero mokha. Tonse tinamvapo munthu wogwidwa ndi mlandu wogona ndi mwana akunena kuti anali Satana, kapena achibale akuti anachita kumulodza, ndipo nkhani n'kuthera pa mapemphero ndi kukambirana kwa pabanja, mwana n'kubwerera m'nyumba yomweyo. N'chifukwa chake otsutsa Twin Peaks amati BOB anapatsa bambo pothawira. Oikira kumbuyo amayankha kuti mu 1990 wailesi ya dziko lonse sikanalola nkhani ya bambo wogona ndi mwana wake popanda chophimba chotere, ndipo chophimbacho chinalola anthu mamiliyoni kuona chimene sakanafuna kuyang'ana.

Pamene Laura anayamba kuyankhula yekha

Kusintha koyamba kunabwera ndi buku. Mu 1990, chigawo chachiwiri chisanayambe, kunatuluka The Secret Diary of Laura Palmer, lolembedwa ndi Jennifer Lynch, mwana wa David, ali ndi zaka 22. Iye anali mmodzi mwa anthu ochepa amene anauzidwa dzina la wakupha. Bukuli ndi zolemba za Laura zamseri kuyambira tsiku limene anakwanitsa zaka 12 mpaka masiku ake otsiriza, ndipo limaonetsa mwana wokonda kavalo wake ndi mnzake Donna akusanduka munthu wodzida, woopa kugona tulo, wokhulupirira kuti ndi woipa ndipo n'chifukwa chake BOB amabwera. Masamba ena amasonyezedwa kuti anang'ambidwa. Linagulidwa kwambiri.

Kenaka mu 1992 kunabwera filimu ya Twin Peaks: Fire Walk with Me, imene Lynch analemba ndi Robert Engels. Imayamba ndi kufufuza imfa ya Teresa Banks, kenaka n'kulowa m'masiku 7 otsiriza a Laura. Lynch anafotokoza kuti ankamukonda mtsikanayu, wowala kunja koma akufa m'kati, ndipo ankafuna kumuona ali moyo, akuyenda ndi kuyankhula. Sheryl Lee, amene analembedwa ntchito ya mtembo, ndiye ananyamula filimu yonse.

Zimene sewero la pa TV linazisiya m'mphekesera, filimuyi imaziika poyera. Chochitika chimene chimandisautsa kwambiri chilibe chiwanda chilichonse: banja lili pa tebulo, Leland akugwira dzanja la Laura n'kumukalipira kuti zikhadabo zake n'zakuda, akumufunsa za mkanda umene wavala ndi amene anamupatsa, mayi akumupempha mwamantha kuti asiye. Ndi nsanje ya mwamuna, osati nkhawa ya kholo, ndipo aliyense pa tebulopo akuimva. Timaonanso Leland akupatsa mkazi wake mkaka wothira mankhwala ogonetsa. Timamva kuti ankagona ndi Teresa Banks pomulipira, ndipo anamupha pamene mtsikanayo anazindikira kuti iye ndi ndani n'kufuna kumudyera ndalama. Chimenecho ndi chifukwa cha munthu wofuna kuteteza mbiri yake, osati cha mzimu. M'bogi muja Leland amauza Laura kuti ankaganiza kuti mwanayo ankadziwa kale kuti ndi iye. Mawu amenewo ndi ovuta kuwagwirizanitsa ndi bambo wa pa TV amene anati sankadziwa kanthu.

Filimuyi imasinthanso tanthauzo la moyo wamseri wa Laura. Kokeni ndi wothandiza kuti asagone ndi kuti asamve. Amuna aja ndi njira ya mwana amene anaphunzitsidwa kuti thupi lake ndi la ena. Ndipo pakati pa zonsezo akuteteza anzake: Donna atamutsatira ku malo omwera mowa a kutsidya kwa malire n'kuyamba kutengeka, Laura amadzidzimuka n'kumutulutsamo. Chimene BOB akufuna kwenikweni si kumupha koma kumulowa, kuti nayenso akhale wozunza ena. Laura amavala mphete imene imatseka njira imeneyo, ndipo akatero amaphedwa. Filimu imatha iye ali m'chipinda chofiira, Cooper ali pambali pake, mngelo akumuonekera, iye akulira ndi kuseka nthawi imodzi.

Itaonetsedwa pa chikondwerero cha mafilimu cha ku Cannes, ku France, malipoti ambiri anati ena mwa owonera anaikuwiza, olemba nkhani za mafilimu ku America anainyoza, ndipo sinapeze ndalama kumeneko, ngakhale ku Japan inakondedwa. Anthu ankayembekezera khofi, nthabwala za Cooper ndi mayankho a mafunso amene gawo lomaliza linasiya. Analandira maola awiri a mwana akuzunzika. Patapita zaka maganizo anasintha, ndipo lero ambiri amaiika pakati pa ntchito zazikulu za Lynch. Sheryl Lee wanenapo kuti anthu amene anagwiriridwa ndi achibale akhala akumufikira kudzamuuza kuti anadziona mwa Laura.

Kubwerera kwa mu 2017

M'gawo lomaliza la 1991, Laura ali m'chipinda chofiira amauza Cooper kuti adzaonananso pakatha zaka 25. Pa 21 Meyi 2017 wailesi ya Showtime inayamba kuonetsa chigawo chachitatu cha magawo 18, onse otsogoleredwa ndi Lynch, ndipo chinatha pa 3 Sepitembala.

Zinthu ziwiri zimakhudza Laura. Choyamba chili m'gawo 8, limene limabwerera ku kuyesedwa kwa bomba loyamba la atomiki ku New Mexico pa 16 Julayi 1945. BOB amaoneka akutuluka m'chinthu china chimene kuphulikako kunachitsegulira njira, ndipo poyankha, anthu a dziko la mizimu amatumiza pansi pano mpira wowala ngati golide wokhala ndi nkhope ya Laura. Ena amakonda zimenezi chifukwa zimamukweza kukhala mdani wamkulu wa choipa. Ena zimawawawa, poti mtsikana amene filimu inamumenyera nkhondo kuti akhale munthu wasandukanso chizindikiro, ndipo kuzunzika kwake kukuoneka ngati kunakonzedweratu.

Chachiwiri ndi mapeto. Cooper amabwerera ku usiku wa imfa ya Laura, n'kumugwira dzanja m'nkhalango kuti asapite kumene akukafera. Mtembo uja umazimiririka m'mbali mwa madzi ndipo Pete amangopita kukawedza. Koma Laura amasowa m'manja mwa Cooper, kukuwa kwake kukumveka. M'gawo lotsiriza Cooper amapeza mayi wofanana naye ku Odessa, Texas, wogwira ntchito yoperekera zakudya, dzina lake Carrie Page, amene sakudziwa za Laura aliyense ndipo pabalaza pake pali mtembo wa mwamuna. Amamutengera ku nyumba ya a Palmer, koma wotsegula chitseko ndi mlendo, Alice Tremond. Mbali imeneyi anasewera mwini weniweni wa nyumbayo. Cooper amafunsa kuti chino ndi chaka chanji, Carrie amamva mawu a Sarah akuitana Laura, amakuwa, ndipo magetsi a m'nyumbamo amazima. Buku la Frost la chaka chomwecho, The Final Dossier, limawonjezera kuti m'mbiri yosinthidwayo Laura amawerengedwa ngati wosowa, osati wophedwa, ndipo Leland anadzipha patapita chaka.

Chimene anasiya pa TV

Twin Peaks ili m'gulu la masewero amene owonera ake amachepa koma otsalawo amawakakamira moyo wonse. Mu 1990 okonda seweroli ankajambula magawo pa matepi a vidiyo n'kumaimitsa chithunzi chilichonse, akukambirana pa intaneti ya nthawiyo. ABC italiimitsa kumayambiriro kwa 1991 analemba makalata ochuluka mpaka magawo otsala anaonetsedwa. Magazini yawo, Wrapped in Plastic, inatuluka kuyambira 1992 mpaka 2005.

Kapangidwe ka nkhani yoyamba ndi mtembo wa wachinyamata n'kumafukula zinsinsi za tawuni kanafala: Veronica Mars mu 2004, Forbrydelsen ya ku Denmark mu 2007, The Killing ya ku America mu 2011 imene inalengezedwa ndi funso la amene anapha Rosie Larsen, ndi Riverdale mu 2017. Kufalaku kunabweretsa chidzudzulo. Wolemba Alice Bolin, m'buku lake la mu 2018 lotchedwa Dead Girls, anadandaula kuti m'nkhani zotere mtsikana wakufa, kawirikawiri mzungu ndi wokongola, amangokhala poyambira ulendo wa wapolisi wamwamuna, ndipo anaika Twin Peaks pakati pa magwero ake. N'zoona kuti mtembo wa Laura anaujambula mokongoletsa, ndipo chithunzicho chinagulitsa magazini. N'zoonanso kuti ochepa mwa otsanzira aja anachita zimene Lynch anachita mu 1992, kubwerera kwa wakufayo n'kumupatsa filimu yonse.

Mafunso amene atsala

Lalikulu ndi la Leland. Sewero la 1990 ndi filimu ya 1992 sizinena chimodzi, ndipo chigawo cha 2017 chimamuonetsa m'chipinda chofiira akupempha Cooper kuti apeze Laura, popanda kunena ngati ndi kulapa kapena ndi msampha. Lokhudzana nalo ndi la Sarah: ankadziwa zochuluka bwanji? Ankapatsidwa mankhwala ogonetsa, inde, koma pa tebulo paja anali maso. Mu 2017 timamuona ali yekha, akumwa mowa, muli china choopsa m'kati mwake, ndipo pa nthawi imene Cooper akupulumutsa Laura iye akubaya chithunzi cha mwana wake ndi botolo losweka. Ena amati walowedwa ndi mphamvu yoipa yotchedwa Judy, ena amaona mayi wodyedwa ndi chikumbumtima.

Palinso funso la zimene Cooper anachita. Ngati Laura anasankha kufa kuti BOB asamulowe, ndipo filimu inamusiya ndi mngelo wake, kumubweza kunali kumupulumutsa kapena kumulanda chigonjetso chokhacho chimene anali nacho? Usiku wa imfa ukhoza kufufutidwa, koma zaka za nkhanza zinali zitachitika kale, ndipo nyumba imene Cooper akuti ndi kwawo ndi kumene zinachitikira. Ena amamva kukuwa kotsiriza ngati Laura akukumbukira zonse n'kugonjetsa choipacho, poti magetsi azima. Ena amamva mwana akudzutsidwanso m'mawa womwewo kuti zonse ziyambirenso. Carrie Page nayenso sanafotokozedwe, kaya ndi Laura wobisidwa m'dziko lina, kaya ndi munthu wina, kaya ndi loto.

Lynch moyo wake wonse ankakana kumasulira ntchito zake, ndipo tsopano kulibe. Frank Silva anamwalira mu 1995, Jack Nance amene anali Pete mu 1996, ndipo Angelo Badalamenti, wopeka nyimbo ya piyano imene imamveka Laura akatchulidwa, anamwalira mu 2022. Frost ali moyo, koma mabuku ake amasiyana ndi mafilimu pa mfundo zina, ndipo okonda seweroli sagwirizana ngati mawu ake angatseke nkhani imene anthu awiri anailemba limodzi.